Mtunda Umene Mwendo Ungathe Kupirira

M'chaka cha 1831, dokotala wa ziweto wa ku Paris, Bouley, analemba za kavalo wamkazi amene ankayamba ulendo bwino lomwe, koma akathamanga kwa kanthawi miyendo yakumbuyo inkafooka, nayamba kutsimphina. Akapuma, ankanyamukanso ngati sanadwalepo. Atafa ndi kung'ambidwa, mitsempha yopititsa magazi ku miyendoyo inapezeka itatsekeka. Mu 1858 Jean-Martin Charcot anafotokoza nthenda yomweyo mwa munthu.

Gwero lake ndi kuchepa kwa njira ya magazi. Mafuta akaunjikana m'kati mwa mitsempha ya m'miyendo, makamaka mwa osuta fodya, odwala shuga ndi okalamba, magazi amakwanira munthu akakhala pansi, koma amaperewera akayamba kuyenda. Pamenepo katumba amakokana ndi kuwawa mpaka mwiniwake kuima. Pakapita mphindi zowerengeka ululu umazilala, ulendo n'kupitirira. Ajeremani anaitcha nthenda yosuzumira m'mawindo a masitolo, chifukwa wodwala amanamizira kusirira katundu pobisa manyazi. Mu 2010 anthu oposa 200 miliyoni pa dziko lonse anali nayo.

Tsono dokotala adziwa bwanji kuti nthenda yafika pati? Njira yapafupi ndiyo kufunsa wodwala mtunda umene amayenda asanaime. Kagawidwe ka odwala kotchedwa ndi dzina la René Fontaine wa ku Strasbourg, kamene kanayamba mu 1954, masiku ano kamaika malire pa mamita 200. Koma ndani amawerenga mamita popita kumsika? Odwala ambiri amaphonya kutali, ena kuchulutsa, ena kuchepetsa. Choopsa kwambiri ndi munthu amene amati sakumva ululu uliwonse, pamene chenicheni n'chakuti analeka kale kuyenda.

Palinso kupima mphamvu ya magazi pa kakolo ndi kuiyerekeza ndi ya pamkono. Chiwerengero chikakhala 0.90 kapena kutsikirapo, nthenda ilipo. Komatu chipimo chimenechi chimanena za magazi, osati za ulendo: anthu awiri a chiwerengero chofanana, wina angafike kuchigayo pamene mnzake waima panjira.

N'chifukwa chake anayamba kuyendetsa odwala pa makina a lamba woyenda. Njira imene Andrew Gardner ndi anzake anafalitsa mu 1991 imaika liwiro pa makilomita 3.2 pa ola, ndipo mphindi 2 zilizonse makinawo amapendekeka ndi maperesenti 2, kukhala ngati chitunda chimene chikukulirakulira. Wopima amalemba nthawi ziwiri: pamene ululu wayamba, ndi pamene wodwala wagonja. Njirayi ndi yolongosoka, koma ili ndi chilema chake. Munthu amawazolowera makinawo. Pa kafukufuku wa mankhwala, ngakhale amene sanalandire mankhwala enieni amaoneka ngati akupeza bwino, kungoti aphunzira kuponda lambayo. Ndiponso palibe amene amapita kumaliro kapena kutchalitchi pa njira yodziyendera yokha, atagwira zitsulo m'mbali.

Apa m'pamene chipimo china, chooneka chachabe, chinapezera ulemu. Chinayambira kwa odwala mapapo mu 1982. Chimangofuna khonde losalala la mamita 30, wotchi, ndi zizindikiro ziwiri kumapeto. Wodwala amayenda uku ndi uku kwa mphindi 6, mothamanga monga angathere. Akafuna kupuma amapuma, koma wotchi siima. Pomaliza amawerenga mamita. Mary McDermott wa pa yunivesite ya Northwestern ku Chicago wakhala akuonetsa kuti chipimochi chimagwirizana kwambiri ndi mmene munthu amayendera pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti chimaulula kufooka kwa pang'onopang'ono kumene makina aja amabisa. Chipatala chilichonse chokhala ndi khonde chingachikwanitse, magetsi alipo kapena palibe. Ofufuza a ku Angers, m'dziko la France, anafika mpaka potulutsira odwala panja mu 2008 atanyamula GPS, kuti aone mtunda weniweni pakati pa kuima kumodzi ndi kwina.

Mamita amenewa si ongodzazira mabuku. Ndiwo amathandiza kuweruza ngati munthu akafunika opaleshoni yotsegula mtsempha kapena ayambe ndi kuyenda kochita kuyang'aniridwa. Ku Britain, bungwe la NICE linalangiza mu 2012 kuti wodwala ayambe wapatsidwa maola 2 pa sabata kwa miyezi 3 a kuyenda kotere. Ndipo chipimo cha mphindi 6 ndicho chinathetsa mkangano wina wakale. Mu 2021 McDermott ndi anzake anayerekeza oyenda mofatsa, osalola ululu, ndi oyenda mwamphamvu mpaka katumba kuwawa. Patapita chaka, amene ankalimbana ndi ululu ankafika patali kuposa kale, pamene oyenda mofatsa aja sanasiyane ndi amene sanauzidwe n'komwe kuyenda.

Uphungu umenewu uli ndi malire. Ululu wobwera munthu ali gone usiku, phazi lozizira, kapena chilonda chosapola pa chala, zimasonyeza kuti magazi sakukwaniranso ngakhale popuma. Wotero samuyendetsa pakhonde. Amafunika kuonana msanga ndi dokotala wa mitsempha, mwendo usanafike poti n'kudulidwa.