Timau Ting'onoting'ono Tosintha Uthenga m'Chingerezi

Kalata ikafika pamudzi kuchokera kutauni, mwana wa sukulu n'kuwerenga kuti, "Your uncle is in prison," banja lonse limagwidwa ndi chisoni, pakuti mauwa akutanthauza kuti amalume amangidwa. Komatu mwina wolembayo anangofuna kunena kuti amalumewo ali kundende kumene amagwira ntchito, kapena kuti anapita kukazonda mnzawo. Akadalemba kuti, "Your uncle is at the prison," palibe amene akadakhetsa msozi. Uthenga wonse wasinthika chifukwa cha timau tiwiri tokha.

Timau monga "in", "on", "at" ndi "by" timatchedwa aperekezi, chifukwa timaperekeza dzina. M'Chingerezi aperekezi ambiri anaphatikana ndi maina ena kalekale, kotero kuti mau awiriwo amayenda limodzi ngati goli la ng'ombe, ndipo wosintha mperekezi wasinthanso tanthauzo. Nkhaniyi si ya akatswiri okha. Chiyambire 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chingerezi chakhalabe chilankhulo cha ntchito za boma, ndipo wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE.

Gwero la vutoli ndi kusiyana kwa zilankhulo ziwirizi. Chichewa chimaloza malo ndi "pa", "ku" ndi "mu", ndipo ntchito yotsala imagwiridwa ndi mneni. Munthu amati, "Wapita kumsika," "Ali kumsika," "Wachokera kumsika," ndipo "ku" sasintha. Mngerezi ayenera kusintha katatu: "to the market", "at the market", "from the market". Nayenso "pa" ali ndi nkhope zambiri akalowa m'Chingerezi. Patchuthi ndi "on leave", pangongole ndi "on credit", koma pantchito ndi "at work", ndipo kuloweza pamtima ndi kuphunzira "by heart". Wophunzira amene anauzidwa kuti "pa" ndi "on" basi, adzakhoza pawiri n'kuphonya pawiri.

Pa maulendo lamulo lake ndi lapafupi. Potchula chimene munthu wayendera, amagwiritsa ntchito "by" popanda mau ena pakati: "by bus", "by train", "by bicycle", "by air". Woyenda pansi yekha ndiye amatuluka m'gululi, pakuti iye wayenda "on foot". Koma ponena za basi yodziwika imene munthu wakwera, amati "on the bus".

Pa nthawi, Chichewa ndi Chingerezi zimagwirizana pang'ono. Dziko la Malawi linalandira ufulu pa 6 Julaye, m'chaka cha 1964. M'Chingerezi ndi "on 6 July" ndi "in 1964". Tsiku limatenga "on", mwezi ndi chaka zimatenga "in", ola limatenga "at". Motero amati "on Monday", "in July", "at six o'clock". Chodabwitsa n'chakuti m'mawa ndi "in the morning", madzulo ndi "in the evening", koma usiku ndi "at night". Apa palibe lamulo lothandiza, mpofunika kungoloweza.

Awiri amene amasokoneza anthu kwambiri ndi "on time" ndi "in time". Basi yoyenera kunyamuka 7 koloko ikanyamukadi 7 koloko, yanyamuka "on time", kutanthauza pa nthawi yake yeniyeni. Wapaulendo amene wafika padepoti basi isananyamuke wafika "in time", kutanthauza kuti mpata ukadalipo. Mayi wodwala akafika naye kuchipatala "in time", ndiye kuti afika matenda asanakule, ndipo moyo wake ukhoza kupulumuka. Kwa wodwala, kusiyana kumeneku si kwa masewera.

Kamau kena kofunika kukayang'anitsitsa ndi "the", kamene Chichewa chilibe. Pa maina a malo monga sukulu, tchalitchi, chipatala ndi ndende, kamauka kakachoka ndiye kuti munthuyo ali kumeneko pa cholinga chimene malowo anamangidwira. Mwana amene ali "at school" akuphunzira, koma kholo limene lili "at the school" langopita kukaonana ndi aphunzitsi. Amene ali "in hospital" wagonekedwa, pamene amene ali "at the hospital" angakhale namwino kapena wozonda matenda. Umu ndi mmene amalankhulira ku Britain. Ku America wogonekedwa amati ali "in the hospital". Kamau komweka kamatembenuzanso udindo. Mphunzitsi ali "in charge of" ana, ndiye kuti akuwayang'anira. Anawo ali "in the charge of" mphunzitsi, ndiye kuti akuyang'aniridwa. Wolemba kalata yofunsira ntchito akasokoneza ziwirizi amadzitsitsa yekha paudindo.

Pali enanso amene munthu amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Chigayo chowonongeka chili "out of order", katundu wotha m'sitolo ali "out of stock", ndipo munthu amene ali paulova ali "out of work". Pabwalo la milandu, kuchita chinthu "by mistake" kapena "by accident" ndiko kuchita mosafuna, pamene "on purpose" ndiko kuchita mwadala. Woweruza amamvetsera timau timeneti mosamala, chifukwa kulemera kwa mlandu kawirikawiri kumagona pamenepo.

Nanga zinayamba bwanji kuti mau amenewa aphatikane chotere? Chingerezi cha zaka 1,000 zapitazo chinkaonetsa ntchito ya dzina posintha mathero ake. Matherowo atayamba kutha, ntchito yambiri inagwera aperekezi, ndipo ena anamatirira ku maina awo mpaka kusanduka liu limodzi. "Alive" linachokera ku mau akale otanthauza "on life", ndipo "asleep" linachokera ku "on sleep". Nalonso "o'clock", limene Chichewa chinabwereka n'kukhala koloko, ndi chidule cha "of the clock". Choncho mauwa anawumbika ndi chizolowezi cha mibadwo, ndipo n'chifukwa chake malamulo sawafotokoza onse.

Njira yabwino kwa omvera amene afuna kukhoza ndiyo kuphunzira mperekezi pamodzi ndi dzina lake ngati liu limodzi, osati kumasulira kuchokera m'Chichewa. Kumathandiza kusunga kabuku kolembamo mau otere akamveka pawailesi kapena akapezeka m'nyuzipepala, aliwonse ndi chiganizo chake. Pofufuza m'dikishonale, ndi bwino kuyamba ndi dzina, chifukwa nthawi zambiri mauwa amaikidwa pamenepo. Wolemba awiri patsiku adzakhala ndi oposa 700 pakutha pa chaka. Paja akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.