Ndalama zothandizira magulu a zisudzo ndi magule: zimachokera kuti, nanga amalandira ndani?

Ine ndine mlangizi wa achinyamata anzanga komanso mlembi wa gulu la zisudzo pakalabu yathu. Kulikonse komwe ndapita kukacheza, funso limakhala lomwelomwelo: "Kodi anzathu aja ndalama zogulira mayunifolomu ndi ng'oma anazitenga kuti? Kapena ali ndi m'bale wawo kuboma?" Lero ndati ndifotokoze zomwe ndikudziwa. Zina ndinaziphunzira mowawa.

Si ngongole, komanso si mphatso

Ngongole ya bizinesi timabweza ndi chiwongoladzanja. Thandizo lomwe ndikunena panoli sitibweza ayi, koma si mphatso yoti tigawane. Limaperekedwa ku magulu omwe cholinga chawo si kupeza phindu, kuti agwirire ntchito yomwe analonjeza polemba. Sewero la pabwalo la amfumu sitilipiritsa pakhomo, chonsecho anthu amaphunzirapo zambiri. Koma ng'oma zimang'ambika, zovala zimatha, kabaza naye amafuna yake. Thandizoli limabwera kudzatseka pamenepo.

Zimachokera kuti?

Zambiri ndi ndalama za misonkho. Mukagula mayunitsi a foni, kagawo kena kamapita kuboma. Ndiye musamaope kufunsa, ndi ndalama zanu zomwe.

Bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992, limateteza umwini wa ntchito za aluso. Lamulo la 2016 lokhudza umwiniwu linakhazikitsa thumba lotchedwa Copyright Fund lothandizira ntchito zaluso, ndipo zina mwa ndalama zake zimachokera pa msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu.

Maboma akunja nawonso akhala akuthandiza. Mwachitsanzo, mu 2004 dziko la Norway linayamba kupereka ndalama kudzera ku COSOMA kuti zilimbikitse mabungwe a oimba, olemba ndi a zisudzo. Zimenezonso zinali misonkho ya anthu wamba a kumeneko.

Akuluakulu athu amakumbukiranso kuti bungwe la NAC, lomwe linakhazikitsidwa mu 2001, linkapereka ndalama ku magulu a m'midzi kudzera m'makhonsolo, ndipo magulu ophunzitsa za Edzi kudzera m'zisudzo anapindula nawo.

Kunena mosapsatira, ndalamazi ndi zochepa pomwe ofuna ndi ambiri. Kawirikawiri amayamba kumva ndi a m'tauni. Ife akumudzi timadzamva tsiku lotsekera litadutsa kale. Choncho muzitchera khutu pawailesi, ndipo amene ali ndi foni ya intaneti aziona masamba a mabungwewa pa Facebook. Muzidutsanso ku ofesi ya achinyamata yapaboma lanu kukafunsa.

Zomwe zinatichitikira ife

Chaka china kalabu yathu inachita mwayi. Tinalonjeza kuchita masewero m'midzi isanu ndi umodzi, ndipo anati ndalama atipatsa kawiri. Gawo loyamba litabwera tinasangalala kwabasi. Tinagula zikopa za ng'oma kwa bambo ena a m'mudzi, nsalu pamsika, n'kulipira akabaza. Masewero atatu tinachitadi, anthu n'kudzadza bwalo.

Itakwana nthawi ya lipoti, amayi ena a kuofesi anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga malisiti ali kuti?" Ndinangoti kakasi. Tinali ndi lisiti imodzi yokha, ya nsalu. Palibe anaba ngakhale tambala, koma tinalibe umboni. Gawo lachiwiri silinabwere, ndipo midzi itatu yotsalayo inadikira pachabe. Choipitsitsa, tinayamba kulozana zala. Msungichuma wathu, mtsikana wokhulupirika ndithu, ankanenedwa kuti wadya ndalama mpaka anasiya kubwera. Zinatitengera miyezi kuti tikamupepese abwerere.

Walira mvula walira matope. Mukapempha ndalama za anthu, mwavomeranso kulemba ndi kuwerengetsa.

Konzani izi ndalama zisanalengezedwe

1. Lembetsani gulu lanu ku ofesi ya achinyamata yapaboma. Amfumu ndi a komiti ya chitukuko ya m'mudzi azikudziwani.

2. Khalani ndi malamulo a gulu olembedwa, komanso komiti yosankhidwa ndi mamembala: wapampando, mlembi ndi msungichuma. Atsikana akhalemo, osati ongovina okha.

3. Tsekulani akaunti ya gulu kubanki yomwe amasayinira anthu awiri kapena atatu. Ndalama za gulu zisamalowe mufoni ya munthu mmodzi.

4. Gulani kope. Sewero lililonse lembani tsiku, mudzi, mutu wake ndi anthu omwe anabwera. Kopelo ndi umboni woti mumagwira ntchito ngakhale popanda ndalama.

5. Polemba pempho, nenani vuto la m'dera lanu, zomwe mudzachite, liti komanso kuti. Bajeti ikhale ya mitengo yeniyeni yomwe mwakafunsa pamsika. Osakweza dala, owerengawo mitengo amaidziwa.

6. Chilichonse mwagula, tengani lisiti. Ngati wogulitsayo alibe, lembani papepala dzina lake, katundu, mtengo ndi tsiku, iye asayine kapena adinde chala.

Chenjezo

Wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti dzina la gulu lanu lilowe pamndandanda, dziwani kuti ameneyo ndi wakuba. Kanani ndipo kaneneni. Komanso musayambitse gulu chifukwa mwamva kuti kwabwera ndalama. Magulu otere amatha tsiku lomwe ndalama zatha.

Ife tinayambiranso ndi kope la masamba ochepa, ndipo msonkhano uliwonse msungichuma amawerenga poyera zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Pamsonkhano wanu wa sabata ino, funsanani kuti: atabwera lero munthu kudzaona mabuku athu, timuonetsa chiyani?