Chifukwa chake Aqua imadzutsa injini ikalowa mu M5

Pa boma la Nkhotakota munthu umatha kudzidzimuka galimoto itakufika kumbuyo osamva kulira kwake. Kawirikawiri imakhala Toyota Aqua kapena Prius, zina mwa galimoto za hybrid zija zimabwera kuchokera ku Japan zitagwirako kale ntchito. Ikamayenda pang'onopang'ono pakati pa a kabaza ndi ogulitsa nsomba, imayendera magetsi okha. Koma dalaivala akangolowa mu M5 kulowera ku Dwangwa kapena ku Salima n'kuponda moto, injini imadzuka n'kuyamba kumwa petulo ngati galimoto ina iliyonse.

M'zaka zapitazi, pamene mizere ya galimoto imagona m'malo omwetsera mafuta, eni ake ambiri akhala akufunsa funso limodzi. Galimotoyi ili kale ndi mota yamagetsi ndi batire, nanga bwanji osangoisintha kuti iziyendera magetsi ulendo wonse? Pali ena amakhulupirira kuti kampani inachita kutseka dala penapake mu kompyuta, ndipo makaniko wochenjera atha kutsekula. Ena amati kungowonjezera mabatire m'buti, nkhani yatha. Munthu atha kutayapo ndalama zambiri pa maganizo amenewa, ngakhalenso moyo. Ndiye tiyeni tione ndi Physics yomwe mukuphunzira m'kalasiyo.

Batire lake ndi kankhokwe kakang'ono

Tiyambe ndi mayunitsi, omwewa timagula kwa ESCOM. Yuniti imodzi ndi kWh imodzi, kutanthauza magetsi omwe ayironi ya mawati 1,000 imadya mukasita ola lathunthu. Batire lalikulu la Prius ya m'badwo wachiwiri, yopangidwa pakati pa 2003 ndi 2009, limasunga mayunitsi 1.3 okha. La Aqua yoyamba, yomwe inatuluka mu 2011, limasunga pafupifupi 0.9. Si zokhazo. Kompyuta ya galimoto silola kuti batirelo lidzaze mpaka kukamwa kapena liphwe mpaka pansi. Imalisunga pakati pa 40 ndi 80 peresenti kuti likhale zaka zambiri. Ndiye omwe mungagwiritsedi ntchito ndi theka la yuniti, kapena kuchepera apo.

Yerekezani ndi petulo. Lita imodzi ikapsa imatulutsa mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 9. Thanki ya Aqua imalowa malita 36, omwe ndi mayunitsi oposa 300. N'zoona kuti injini imataya mphamvu yochuluka ngati kutentha, ndipo yofika ku matayala ndi gawo limodzi chabe mwa magawo atatu. Komabe mayunitsi 100 ndi theka la yuniti n'zosayerekezeka.

Batireli sanalipange kuti likhale thanki yachiwiri ayi. Ntchito yake ndi kutola mphamvu yomwe ikanatayika pogwira mabuleki, kenaka n'kuibweza ponyamuka. N'chifukwa chake Aqua imasunga mafuta kwambiri m'tauni, momwe mumangokhalira kuima ndi kunyamuka.

Mpweya si wopepuka ngati mmene mukuganizira

Amene anapalasapo njinga moyang'anizana ndi mwera mu July akudziwa kale izi m'miyendo mwake. Mpweya umakankha, ndipo kukankha kwake kumakula molingana ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Mukawirikiza liwiro kawiri, mpweya umakankha kanayi. Komanso poti tsopano mukudutsa mtunda wowirikiza kawiri pa sekondi iliyonse, mawati ofunika pothana ndi mpweyawo amawirikiza kasanu ndi katatu.

Tengani kakyuleta tiwerengere limodzi. Kukankha kwa mpweya ndi ½ × ρ × Cd × A × v². Kilogalamu 1.2 pa kiyubiki mita ndiye ρ ya mpweya. Cd, nambala yosonyeza mmene thupi la galimoto limaboolera mpweya, ndi 0.26 pa Prius ija. A ndi kukula kwa nkhope ya galimoto, pafupifupi masikweya mita 2.2. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, omwe ndi mamita 13.9 pa sekondi, mupeza pafupifupi 66 N. Chulukitsani ndi liwirolo, mupeza mawati osakwana 1,000. Pa makilomita 100 pa ola mupeza pafupifupi 265 N, ndipo mawati amadutsa 7,000. Matayala nawo amadya mphamvu pogubuduka, pafupifupi mawati 1,900 pa 50 ndi 3,800 pa 100 ngati galimoto ndi anthu ake akulemera makilogalamu 1,400.

Tikaphatikiza, pa 50 galimoto ikufuna makilowati osakwana 3, pomwe pa 100 ikufuna 11. Onjezerani zotayika m'mawaya ndi mu mota, batire liyenera kupereka makilowati 13 kapena kuposa. Theka la yuniti lija likutha m'mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa, mutayenda makilomita anayi osakwana. Uwutu ndi msewu wosalala, wopanda chitunda, wopanda mphepo. Mukamachokera ku Dwangwa kulowera kumwera, mwera wa makilomita 20 pa ola ukuombani kumaso, mpweya umakuonani ngati mukuthamanga 120, ndipo kukankha kwake kumakwera ndi 44 peresenti.

Kuchokera pa boma kukafika ku Dwangwa ndi makilomita opitirira 50. Ulendo umenewu pa liwiro la 100 ukufuna mayunitsi 7 kapena kuposa, ndiye kuti kuwirikiza ka 14 zomwe batire la Prius limapereka.

Thabwa ndi chitsa m'kati mwa giyabokosi

Tinene kuti batire lalikulu mwalipeza. Pakadali chopinga china, ndipo ichi ndiye chosangalatsa kwambiri, chifukwa ndi chomwe anthu amachitcha loko wa kampani uja.

Hybrid ya Toyota ilibe magiya osintha ngati a minibasi. Ili ndi mamota awiri amagetsi, MG1 ndi MG2, omwe amakumana ndi injini pa gulu limodzi la magiya. Pakati pali giya yaing'ono yotchedwa dzuwa, yolumikizidwa ku MG1. Moizungulira muli timagiya tina tomangiriridwa pa chitsulo chimodzi, ndipo chitsulocho ndi cholumikizidwa ku injini. Kunja kwa zonsezi kuli giya yooneka ngati mkombero wa lichero, ya mano oloza m'kati, yomwe imapita ku MG2 ndi ku matayala. Mu Prius ya m'badwo wachiwiri, dzuwa lili ndi mano 30 ndipo mkombero uli ndi mano 78. Gawani 78 ndi 30, yankho ndi 2.6. Sungani nambalayi.

Tsopano ganizani za thabwa logonekedwa pa chitsa, koma chitsacho sichili pakati. Mbali ina ndi yaifupi, ina ndi yaitali kuwirikiza ka 2.6. Chitsa ndiye injini, nsonga yaifupi ndi matayala, nsonga yaitali ndi MG1. Injini ikazima, chitsa chakhazikika. Mukakweza nsonga yaifupi ndi chikhatho chimodzi, yaitali imatsika ndi zikhatho 2.6. Momwemonso matayala akamathamangira kutsogolo injini ili chete, MG1 imakakamizika kuzungulira chobwerera m'mbuyo, mofulumira ka 2.6 kuposa mkombero.

Pa makilomita 100 pa ola, mkombero umazungulira ka 3,500 pa mphindi. Chulukitsani ndi 2.6, MG1 ikuzungulira ka 9,100 pa mphindi chobwerera. Prius ya m'badwo woyamba, yomwe inayamba kutuluka ku Japan mu 1997, malire a MG1 yake sankapitirira 6,500. Mu ya m'badwo wachiwiri anawakweza kufika 10,000, koma 9,100 ndi pafupi kwambiri ndi malirewo. Kumbukiraninso kuti galimotoyi ilibe sitata yapadera. MG1 yomweyo ndiyo imaliza injini, ndiye iyenera kukhala ndi mpata wochitira zimenezo nthawi iliyonse dalaivala akafuna kupitirira lole. N'chifukwa chake kompyuta imadzutsa injini liwiro likafika cha m'ma 67, ngakhale batire likhale lodzaza.

Injini ikadzuka zimakhala ngati mwanyamula chitsa chija m'mwamba, nsonga yaitali sitsikanso kwambiri. Masamu ake ndi awa: liwiro la MG1 = 3.6 × injini − 2.6 × mkombero. Ikani injini pa 1,000 ndi mkombero pa 3,500, mupeza −5,500. Mota yapuma.

Palinso kanthu kena kobisika. Mu giyabokosi imeneyi, pampu yopopa oyilo imayendetsedwa ndi injini. Injini ikakhala chete mtunda wautali galimoto ikuthamanga, magiya aja sakulandira oyilo wokwanira.

Amene anayesa

Anthu anayesadi, ndipo si mbuli ayi. Mu 2004, gulu la ku California ku America lotchedwa CalCars, lomwe anayambitsa Felix Kramer, linasintha Prius kuti izitha kuchajidwa pa soketi ya m'nyumba. Injiniya wawo, Ron Gremban, anaika mabatire a mtovu ndi asidi olemera makilogalamu oposa 100 kumbuyo kwa galimoto. Inkayenda makilomita pafupifupi 16 pa magetsi okha, koma pa liwiro la m'tauni, losapitirira 55. Ikafulumira kuposa apo injini inkadzuka ndithu, kungoti inkamwa mafuta ochepa chifukwa batire linkaithandiza kukoka.

Kenaka kunabwera makampani ogulitsa mabatire a lithium oika m'buti. Ambiri ankachita kunamiza kompyuta ya galimoto kuti izikhulupirira kuti batire lake ladzaza nthawi zonse, kuti izigwiritsa ntchito magetsi mowolowa manja. Ena anapita patsogolo n'kupeza njira yoti injini izizungulira popanda kuithira petulo. Chitsa chija chikunyamuka, MG1 ikupuma, pampu ya oyilo ikugwira ntchito, mafuta osapsa. Nzeru yabwino, eti? Koma kuzunguza injini yosayaka kumadyanso magetsi a m'batire lomwelo, ndipo mtengo wa zipangizozo unali madola zikwi zingapo, ndalama yomwe kuno ikhoza kugula galimoto ina.

Mapeto ake Toyota inapanga yokha. Prius PHV ya 2012 inali ndi batire la lithium la mayunitsi 4.4, ndipo inkafika 100 pa magetsi okha kwa makilomita pafupifupi 20. Ya 2017 ili ndi mayunitsi 8.8 ndipo imafika 135. Chomwe anasintha si batire lokha. Pakati pa injini ndi magiya anaikapo kachipangizo kolola kuzungulira mbali imodzi yokha, kofanana ndi kaja ka pa gudumu la kumbuyo la njinga kamene kamakulolani kusiya kupalasa potsetsereka. Kachipangizoka kamagwira injini kuti isabwerere m'mbuyo, ndiye MG1 imatha kutsamirapo n'kuthandiza MG2 kukoka galimoto. Apa n'poti muone kuti akatswiri omwe anaipanga galimotoyo anachita kuitsekula m'mimba. Sanangosintha pulogalamu.

Kuno kunyanja

Wina anganene kuti tingosonkhanitsa mabatire wamba a galimoto. Limodzi la 12 V ndi 50 Ah limasunga 12 × 50, omwe ndi mayunitsi 0.6, ndipo limalemera makilogalamu 13 kapena kuposa. Batire la mtundu umenewu limafa msanga mukamaliphwetsa kupitirira theka. Kuti mupeze mayunitsi 7 ogwiritsa ntchito mukufuna mabatire oposa 20, katundu woposa matumba asanu a chimanga, m'buti ya Aqua. Masipuling'i ndi mabuleki ake sanapangidwire zimenezo, makamaka pa maenje.

Ndiye pali kutentha. October wa ku Nkhotakota mumamudziwa. Batire likamapereka mphamvu yambiri limatentha lokha, ndipo kutentha kumalikalambitsa msanga. La lithium lolumikizidwa mwachisawawa, lopanda kachipangizo koyang'anira selo iliyonse, limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Batire la Aqua lili pansi pa mpando wa kumbuyo, ndipo lili ndi fani yokoka mpweya kuchokera m'kati mwa galimoto. Fumbi la m'misewu yathu ndi chikwama choikidwa potsekereza pakhomo pa mpweyawo zimapha mabatire ambiri mwakachetechete. Kwa ine, kupukuta fani imeneyi n'kwanzeru kuposa kusaka makaniko wotsekula loko.

Anzanga okonda kumasula zinthu, imvani ichi. Mawaya a mtundu wa olenji mu hybrid si oseweretsa. Batire la Aqua ndi la 144 V, la Prius ija ndi loposa 200 V, ndipo galimotoyo imawakweza kufika 500 V asanalowe mu mota. Magetsi otere amapha, ndipo zipangizo zina zimawasungabe kwa kanthawi ngakhale galimoto yazimitsidwa. Odziwa ntchitoyi amayamba avala magolovesi apadera n'kuzula pulagi yodulira batire asanakhudze kalikonse.

Amene akufunitsitsa kuyenda M5 pa magetsi, njira yowongoka ndi kuitanitsa PHV yeniyeni. Ya 2017 pa msewu weniweni imayenda makilomita 40 kapena kupitirira pang'ono, ndiye mutanyamuka pa boma batire lili lodzaza, injini idzadzuka musanafike pa fakitale ya shuga ku Dwangwa. Soketi ya 230 V yopereka 10 A imatulutsa makilowati 2.3, ndiye kudzaza batirelo kumatenga maola atatu kapena anayi. Chingwe chochajira chobwera nayo kuchokera ku Japan chinapangidwira 100 V kapena 200 V, choncho wodziwa zamagetsi ayenera kuchiona kaye, pamodzi ndi mawaya a m'nyumbamo.

Magetsiwo ambiri amachokera ku madzi a nyanja yomweyi, akatsika mu Shire n'kukazunguza makina a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Masana pamawonjezeka a dzuwa ochokera ku Salima ndi ku famu ya mapanelo ya kuno ku Nkhotakota. Usiku womwe magetsi azima, PHV imadzuka m'mawa ngati hybrid wamba n'kuyendera petulo, yemwe kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol. Ina mwa ethanol imeneyo imaphikidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ntchito yomwe inayamba mu 1982.