RAMU WOYERA WOTSIKA MTENGO: KODI WOGULA APINDULA KAPENA ATAYA?

KAFUE — Mwezi ukatha, anchito a m'mafakitale a muno akalandira malipiro ao, ambiri amalowa m'sitolo zazikulu kukagula ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Koma amene kwao kuli ukwati kapena mwambo woika mwala pamanda amaimanso kumene kuli zakumwa zaukali. Kumeneko amapeza mabotolo awiri a ramu woyera, onse a mowa wooneka mbee ngati madzi. Lina ndi la dzina lochuka locokera kunja, ndipo mtengo wace ndi wokwera kwambiri. Linzace ndi la dzina losamveka, ndipo mtengo wace ndi wotsika. Munthu wa ndalama zowerengeka amafuna kudziwa ngati akatenga lotsika mtengo wacita nzeru kapena wadzipusitsa.

Funso limeneli likhudzanso anthu a kumudzi. Tauni ya Kafue, imene iri pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kumwera kwa Lusaka, inakula pamene Boma, kupyolera m'bungwe la INDECO, linamanga mafakitale kumeneko kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo ya Kafue Textiles inali kuomba nsaru. Anthu anabwera kudzafuna nchito kucokera m'zigawo zonse, kuphatikizapo ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Fakitale ya nsaru inatsekedwa pambuyo pace, ndipo ina yosungunula zitsulo inamangidwa. Mwambo wotumiza ndalama kumudzi sunathe. Ndalama imene yatsala m'sitolo ya mowa ndi yomweyo imene ikanagula mbeu, feteleza kapena yunifomu ya mwana.

KAPANGIDWE KA RAMU

Ramu ndi mowa wa nzimbe. Nzimbe zikafinyidwa ndipo madzi ace aphikidwa kuti mutuluke shuga, pamatsala madzi akuda, olemera ndi onanda ngati uci, ochedwa molasi. Molasi wotere amatuluka wambiri ku fakitale ya shuga ya Nakambala ku Mazabuka, kumene minda ya nzimbe imathiriridwa ndi madzi a mumtsinje wa Kafue. Alimi a ng'ombe amamudziwa bwino cifukwa amamusakaniza ndi cakudya ca ziweto.

Opanga ramu amasungunula molasi ndi madzi, nathiramo yisiti kuti awire kwa masiku owerengeka. Akawira amamucheza, ndiko kuti amamutenthetsa kufikira nthunzi ya mowa ikwera, ipita m'mipope yozizira, nisanduka madontho. Aliyense amene anaonapo kacasu akuchezedwa aidziwa nzeru imeneyi. Koma ku fakitale kuli zipangizo zoyesera kutentha ndi ukali, ndipo madontho oyamba ndi otsiriza, amene ali ndi zoipa zambiri, amapatulidwa.

Mowa ukangochezedwa umakhala woyera. Ramu wakuda amatenga maonekedwe ace m'migolo ya mtengo m'mene amasungidwa kwa zaka, ndipo nthawi zina amathiridwa shuga wopsereza. Ramu woyera amasungidwa nthawi yaifupi, kapena sasungidwa konse, ndipo ngati wadetsedwa ndi mgolo amasefedwa ndi makala kuti ayerenso.

Mowa umenewu unayambira ku zisumbu za Caribbean m'zaka za m'ma 1600, m'minda ya nzimbe imene inali kulimidwa ndi akapolo otengedwa kuno ku Africa. Ramu woyera wochuka koposa ndi wa Bacardi, kampani imene Facundo Bacardí Massó anaiyambitsa mu 1862 mu mzinda wa Santiago de Cuba. Boma la Cuba litalanda mafakitale ace mu 1960, kampaniyo inapitiriza nchito m'maiko ena, maka-maka pa cisumbu ca Puerto Rico, kumene lamulo lifuna kuti ramu akhale m'migolo caka cathunthu asanagulitsidwe.

CIMENE CIKWEZA MTENGO

Kusunga mowa m'migolo kumadya ndalama, ndipo kumaufewetsa pakhosi. Ici ndi cifukwa coyamba cimene ramu wa dzina amadulira. Koma zifukwa zina sizikhudza kukoma konse. Botolo locokera kutsidya la nyanja lilipira sitima ya pamadzi, lilipira galimoto kucokera ku doko kufika ku Lusaka, lilipira msonkho wa pamalire ndi msonkho wa zakumwa zaukali, ndiponso lilipira zilengezo za pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Kwaca ikacepa mphamvu, mtengo wace umakweranso. Zonsezi zimagwera wogula.

Popeza ramu woyera sakhalitsa m'migolo, kusiyana kwa wodula ndi wotsika mtengo sikukula monga kumakhalira pa ramu wakuda wa zaka zambiri. Womwa wozolowera angazindikire kuti wodula ndi wofewa ndipo wotsika mtengo akanda pakhosi. Koma anthu ambiri amamwa ramu woyera atamusakaniza ndi Coca-Cola, madzi a ndimu kapena a cinanazi, ndipo akatero kusiyanako kumazimirira m'shuga wa zosakanizazo. Cotero mwini ukwati amene agula botolo lotsika mtengo, lopangidwa ndi kampani yololedwa ndiponso logulitsidwa m'sitolo ya laisensi, sananyoze alendo ace. Wasiya kulipira dzina cabe.

Komabe akulu anati safunsa anadya phula. Si mowa uliwonse woyera umene uli ramu weni-weni. Wina ndi mowa wa nzimbe wochezedwa kufikira fungo lonse la molasi latha, monga Mainstay wa ku South Africa, amene sabisa kuti ndi mowa wa nzimbe cabe. Wina ndi mowa wopanda fungo umene wathiridwa mankhwala onunkhira ngati ramu. Wogula awerenge cipepala ca pabotolo. Payenera kukhala dzina la kampani ndi kumene ipezeka, kukula kwa botolo, ndi ukali wa mowawo, umene pa ramu umakhala pafupi ndi magawo 40 pa 100. Citsekero cikhale cosatsegulidwapo.

PAMENE PAGONA NGOZI

Mowa umene uyenera kuopedwa ndi umene wocheza wace sadziwika. Anthu osaopa lamulo amatola mabotolo akale a maina ochuka, nathiramo mowa wa kuseri, nagulitsa pa mtengo wonyengerera. Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mowa wotere nthawi zina umakhala ndi methanol, mankhwala a m'mafakitale amene maonekedwe ndi fungo lace zifanana ndi mowa. Methanol amaononga mitsempha ya maso, ndipo pang'ono pokha angacititse munthu khungu kapena kumupha. Mu November 2000 anthu oposa 100 anafa ku Kenya atamwa mowa wa cang'aa wosakanizidwa ndi methanol, ndipo ena ambiri anataya maso.

Zizindikiro zace zimacedwa, nthawi zina kufikira tsiku lotsatira: mutu kupweteka kwambiri, kusanza, m'mimba kuwawa, kupuma mofulumira ndi maso kucita cifunga. Munthu wotero asagonekedwe m'nyumba poyesa kuti ndi matsire. Atengeredwe ku cipatala msanga, pamodzi ndi botolo limene anamwa, cifukwa madokotala akayamba nchito mofulumira angapulumutse moyo ndi maso omwe.

Dziko la Zambia linalawa kale kuwawa kwa mowa waukali wotsika mtengo. Timapaketi ta pulasitiki tochedwa tujilijili tinafala m'misika ndi pa masiteshoni a mabasi, ndipo tinali kulowa ngakhale m'matumba a ana a sukulu. Mu April 2012 Nduna ya Maboma Aang'ono ndi Nyumba ya nthawi imeneyo, Professor Nkandu Luo, inaletsa kupanga ndi kugulitsa timapaketi timeneti. Pambuyo pace mowa wonga womwewo unabweranso m'timabotolo tating'ono timene anthu anatichula kuti junta. Lamulo la malaisensi a mowa la 2011 liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency liri ndi mphamvu yoyesa zakumwa zaukali ndi kulanda zosakwanira muyezo.

MASAMU A BOTOLO LIMODZI

Ngakhale ramu wabwino, wodula kapena wotsika mtengo, ali ndi ukali umodzi-modzi. Botolo la mamililita 750 la ukali wa magawo 40 pa 100 liri ndi mamililita 300 a mowa weni-weni. Ukali umenewu uposa wa mabotolo 15 a mowa wa laga. Amuna atatu akamaliza botolo limodzi madzulo amodzi, aliyense wamwa ngati mabotolo asanu a laga kapena kuposa, ndipo shuga wa zosakaniza amabisa ukaliwo kufikira munthu ayesa kuimirira. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti mowa unapha anthu 2.6 miliyoni m'caka ca 2019 cokha. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, amene sanali kumwa mowa, anadzudzula ucidakwa kawiri-kawiri, nati ubwezera citukuko m'mbuyo.

Pamenepa ndi pamene phindu la botolo lotsika mtengo lingasandukire citayiko. Ngati bambo asiya lodula natenga lotsika mtengo limodzi, ndalama yotsalayo naitumiza kumudzi mvula isanagwe, banja lapindula. Ngati ndalama yomweyo agulira mabotolo atatu, thumba la feteleza silinagulidwe, ndipo m'mawa mwace adzaima pafupi ndi makina kapena ng'anjo ya zitsulo manja akunjenjemera. Kwa wanchito wa m'fakitale, woyendetsa galimoto pa mseu wa Lusaka, mai woyembekezera ndi wodwala amene akumwa mankhwala, kutsika kwa mtengo sikucepetsa ngozi ngakhale pang'ono.

Mabanja amene akukonza phwando apangane ciwerengero ca mabotolo asanatume munthu ku tauni. Wotumidwayo agule m'sitolo ya laisensi, abwere ndi lisiti, ndipo mabotolo akatha aphwanyidwe kapena akwiriridwe, kuti asagwere m'manja mwa othiramo mowa wa kuseri.