Kuloweza Matanthauzo Sikudziwa Chingerezi

Mwana wa ku Nkhata Bay akamalowa Fomu 1 amakhala atasenza kale ziyankhulo zitatu. Pali Chitonga cha pakhomo, Chichewa chimene chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndi Chingerezi, chimene akachilephera pa mayeso a MANEB satifiketi ya MSCE saiona ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Mantha amenewa ndi amene amachititsa ophunzira kuloweza matanthauzo a noun, verb, simile ndi metaphor mpaka kumawatchula ali m'tulo. Koma muwapatse ndakatulo imene sanaionepo, muwafunse chimene mlembi wachita ndi mawu ake, ambiri amangoti kakasi. Dzina la chipangizo analigwira, ntchito yake sanaione.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nsinjiro za chiyankhulo si zachilendo kwa ana amenewa. Nyimbo za chilimika zimadzudzula munthu mosamutchula dzina, ndipo mwana amadziwa yemwe akunenedwa. Msodzi akanena kuti nyanja yakwiya lero, waipatsa nyanjayo mtima wa munthu, chimene buku limachitcha personification. Mphunzitsi wanzeru amayambira pamenepo, dzina la Chingerezi n'kubwera pambuyo. Tengani buku la The Pearl la John Steinbeck, lomwe linatuluka mu 1947 ndipo ana athu amaliwerenga pokonzekera MSCE. Bwato la Kino wa m'bukuli, lomwe linali la agogo ake, anthu akalibowola, mwana wokulira pagombe pomwe sitima ya Ilala imakocheza safunika kumuuza kuti chimene chaphedwa si thabwa lokha ayi, koma chakudya, ulemu ndi mbiri ya banja lonse. Symbolism waimva kale m'mtima. Chotsala n'kumuphunzitsa kuilemba m'ziganizo zomveka.

Ena amatsutsa kuti mayeso amalembedwa m'Chingerezi, choncho kulowetsa Chitonga kapena Chichewa m'kalasi n'kutaya nthawi, ndiponso kuti malamulo a ziyankhulozi ndi osiyana kwambiri. Pa kusiyanako akunena zoona, koma ndi pomwepo pamene mayina a galamala amagwira ntchito yake yeniyeni. Chitonga ndi Chichewa sizisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, n'chifukwa chake mwana amalemba he ponena za amayi ake. Zilibenso timawu ta a, an ndi the, ndipo n'chifukwa chake timasowa kapena kuchuluka m'chimangirizo chake. Mwana amene wauzidwa momveka kuti pronoun ndi mlowam'malo yemwe anamuphunzira kale ku pulayimale, koma kuti wa Chingerezi amasankha mwamuna kapena mkazi, wapeza pogwira. Amene wangoloweza tanthauzo adzabwereza cholakwacho mpaka Fomu 4. Nkhani ya nthawi nayo siyolimba, pakuti kufananitsa kotere kumatenga mphindi zochepa, pomwe kukonza cholakwa chimodzimodzi m'makope makumi asanu ndi limodzi sabata iliyonse kumadya teremu yonse.

Izi sizikufuna mabuku atsopano, amene m'ma CDSS ambiri ndi osowa kale. Mphunzitsi angathe kutenga ziganizo zisanu zolakwika m'zimangirizo za ana ake omwe, kuzilemba pa bolodi popanda kutchula eni ake, n'kuuza kalasi kuti ipeze mneni, itchule tense yake, ndi kufotokoza chifukwa chake chiganizocho chikutsimphina.