Nkhongole ndi Dzina la Munthu ku Chama

Kale munthu akakongola mbeu kapena ndalama, mbiri yake inali kusungidwa m'mitima ya anansi ndi pabwalo la mfumu. Masiku ano mbiriyo imalembedwa m'makompyuta, kotero kuti mphunzitsi wa kwa Tembwe kapena mlimi wa mpunga wa kwa Kambombo angathe kukanidwa nkhongole ndi munthu amene sanamuonepo nkhope.

Mu 2006 Bank of Zambia inapereka cilolezo kwa bungwe loyamba losunga mbiri ya okongola, limene linadzadziwika ndi dzina lakuti TransUnion, ndipo mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsa nchitoyi. Mabanki ndi makampani okongoza ndalama amatumiza kumeneko maina a okongola, ndalama zimene anatenga, zimene zatsala, ndiponso ngati amabweza pa nthawi yake. Kucokera pa zimenezi munthu amapatsidwa mamalikisi monga mwana wa sukulu. Wa mamalikisi ocepa amakanidwa, kapena amamuikira ciwongoladzanja cowawa.

M'matauni akuluakulu muli ena amene ali ndi khadi la ku banki logulira zinthu pa nkhongole. Iwowa amalangizidwa kucepetsa zotsala pa khadilo, kuti zikhale kutali ndi malire amene banki inawaikira, pakuti wokhala pamalire mwezi ndi mwezi amaoneka ngati munthu womira. Kuno ku Chama makhadi otere ndi osowa, koma nkhongole siisowa. Tili ndi ya pa foni, monga Kongola ya MTN. Ya anchito a boma imene imadulidwa pa malipiro. Ya mbeu ndi mankhwala a thonje. Ndiponso kaloba, amene tonse timamudzudzula masana ndi kumugogodera usiku.

Akuluakulu akumbukira Lima Bank, imene inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Cimodzi mwa zimene zinaigwetsa cinali cakuti alimi ambiri anayesa nkhongole ya boma mphatso. Amene anavutika pambuyo pake ndi ana ao, posowa kokongola feteleza. Cimodzimodzinso mlimi amene alandira mankhwala ku kampani ina, nagulitsa thonje lake kwa ina usiku: wapindula caka cimodzi, koma watsekera khomo gulu lake lonse.

Nanga banja lokhala ndi nkhongole zingapo liyambire pati? Ife tikuti mwamuna ndi mkazi akhale pansi, azilembe zonse papepala popanda kubisirana, pakuti nkhongole yobisika m'nyumba ndiyo imakula msanga. Ndipo ayambe ndi imene ibala kwambiri. Tiyerekeze kuti mwatenga K500 kwa wakaloba, kuti pakutha kwa mwezi mubweze K750. Mukalephera, naciwerengeranso pa K750, mwezi waciwiri zafika K1,125. Wakaloba satumiza dzina lanu ku bungwe lija, zoonadi; koma amadya ndalama zimene mukadabwezera banki, ndipo dzina limada motero. Pamene mulimbana ndi iye, musalumphe mwezi pa nkhongole zinazo, ngakhale mupereke zocepa zimene munapangana. Kutenga nkhongole ya pa foni kuti mutsekere ina ndi kukumba dzenje pofuna kukwirira linzake.

Nthawi yabwino yobwezera ndi pamene mpunga ndi thonje zagulidwa, ndalama zisanapite ku njinga ndi ku zikondwerero. Pofika Januwale, m'nkhokwe muli mbee, palibe amene amabweza.

Mukatsiriza kulipira, pemphani kalata yocitira umboni kuti nkhongole yatha, ndipo muisunge pamalo pouma pamodzi ndi citupa ca NRC. Lamulo la 2018 lipatsa munthu ufulu woona zimene zinalembedwa pa dzina lake ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Zimacitika kuti nkhongole yolipidwa kale ionekabe ngati yotsala, ndipo pa mlandu wotere kalata ija ndiyo idzakulankhulirani.