Adagulitsa nyimbo pa nthiti za odwala

Inu a mumsika mumati geni zonse mudaziona, koma iyi yokha ndikukayika. Tangoganizani muli mumzinda wa Leningrad ku Russia m'zaka za m'ma 1950, kunja kukuzizira koopsa. Mnyamata wa chikhoti chachitali wakuyandikirani, maso uku ndi uku, kenaka wasolola kanthu kokulunga m'mkono wa chikhoticho. Mukakatambasula n'kukaloza kudzuwa mukuona nthiti za munthu. Inde, chithunzi cha X-ray chakuchipatala! Koma mukafika nacho kunyumba n'kuchiika pa galamafoni, nthiti zija zayamba kuimba nyimbo za ku America.

Si nthano ayi. Eni ake ankazitcha nyimbo za pa nthiti, ena ankati nyimbo za pa mafupa.

Nkhani yake ndi yakuti itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse mu 1945, America ndi Soviet Union zidasanduka mphaka ndi galu. Boma la Joseph Stalin lidati jazi ndi magule ena akunja akuononga achinyamata. Lidaletsanso ngakhale nyimbo za a Russia anzawo omwe ankakhala kunja, monga Pyotr Leshchenko. Ife kuno sitingadabwe kwambiri, nanga si nthawi ya chipani chimodzi nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa konkuno?

Koma mukudziwa nokha, katundu akaletsedwa m'pamene makasitomala amachuluka.

Vuto lidali lakuti zipangizo zopangira zimbale zidali m'manja mwa boma. Anyamata ochenjera adatulukira kuti pulasitiki ya X-ray ndi yofewa bwino moti singano imatha kulembapo timizere ta nyimbo. Zipatala nazo zinkafuna kutaya zithunzi zakale chifukwa sizinkachedwa kugwira moto, tsono katunduyu ankapezeka motchipa. Ankadula chithunzicho ndi sizasi kuti chikhale chozungulira, pakati n'kubowola, kawirikawiri ndi ndudu yoyaka. Akatero ankachiika pa makina okopera kuchokera ku chimbale chenicheni, chomwe mwina chidalowa m'dzikomo ndi munthu wapasitima yapamadzi.

Nyimbo inkakhala mbali imodzi yokha. Mawu ake ankamveka ngati mvula pamalata, ndipo mukachiimba kangapo chimbalecho chatha ntchito. Mtengo unkakhala ruble imodzi kapena imodzi ndi theka. Kulawa kudalibe: mumangolipira n'kumapita, ndipo zoti mwagula Rock Around the Clock ya Bill Haley kapena phokoso chabe mumakazidziwira kunyumba.

Mmodzi mwa akatswiri pa geniyi adali Ruslan Bogoslovsky wa ku Leningrad, yemwe adadzipangira yekha makina okopera. Iye ndi mnzake Boris Taigin adamangidwa mu 1950. Koma madzi saiwala khwawa: Bogoslovsky atatuluka adayambiranso, apolisi n'kumutseketsanso. Ndende chifukwa cha nyimbo zovinira basi.

Usiku achinyamata omwewo ankaunjikana pa wailesi kusaka Voice of America. Kuyambira mu 1955 bambo wina wa mawu aakulu, Willis Conover, ankaulutsa jazi ndipo ankayankhula Chingerezi pang'onopang'ono kuti aliyense amve. Chodabwitsa n'chakuti kwawo ku America anthu ambiri sankamudziwa, chifukwa lamulo silinkalola wailesiyo kuulutsira anthu a m'dziko lake lomwe. Adagwira ntchitoyi mpaka imfa yake mu 1996.

Tsono tamvani za 1958. Chaka chimenecho boma lidaletseratu mwalamulo zimbale za pa nthiti, ndipo chaka chomwecho lidaitana oimba a maiko ena ku Moscow kuti adzapikisane pa mpikisano woyamba wa Tchaikovsky. A Russia adali atangoponya Sputnik mumlengalenga mu October 1957, America n'kuchita manyazi. Apa ankafuna kuonetsa kuti pa nyimbo za piyano ndi vayolini iwo ndiwonso madolo.

Kudabwera mnyamata wa zaka 23, wamtali ngati mlongoti, wokulira m'katauni ka Kilgore ku Texas. Dzina lake Van Cliburn. Piyano adayamba kumuphunzitsa ndi mayi ake ali kamwana, ndipo ku sukulu ya Juilliard ku New York mphunzitsi wake adali mayi Rosina Lhévinne, omwe adaphunzira ku Moscow komweko. Ndiye kuti kaimbidwe ka Chirasha adakamwera kwa mwini wake. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Tsiku la ndime yomaliza mu April 1958, Cliburn adaimba nyimbo ziwiri zikuluzikulu za a Russia eni ake, ya Tchaikovsky ndi ya Rachmaninoff, gulu loimba likutsogozedwa ndi Kirill Kondrashin. Atamaliza, holo yonse idaimirira n'kuomba m'manja kwa mphindi 8. Atsikana ankamudikira ndi maluwa, amayi akumutcha Vanya ngati mwana wobadwira pakhomo pawo.

Apa ndiye mutu udakula kwa majaji. Pakati pawo padali akatswiri a piyano Emil Gilels ndi Sviatoslav Richter, ndipo makutu awo adamva bwinobwino yemwe wapambana. Koma kupereka mphoto yoyamba kwa mwana wa mdani, m'dziko lomwe zaka zochepa m'mbuyomo anthu ankasowa chifukwa cha tizifukwa tochepa, sichidali chinthu chamasewera. Nkhani idakafika kwa mtsogoleri wa dziko, Nikita Khrushchev. Akuti mkuluyo adangofunsa ngati mnyamatayo ndiye waposa onse, ndipo atamva kuti inde, adalamula kuti amupatse mphoto yake.

Pobwerera kwawo, mzinda wa New York udamulandira ndi perete wa m'misewu, timapepala tikugwa kuchokera m'nyumba zosanja, ulemu womwe woimba piyano wina aliyense sadaulandirepo. Chimbale chake cha nyimbo ya Tchaikovsky ija chidakhala choyamba mwa zimbale za mtundu umenewu kugulidwa makope opitirira 1 miliyoni.

Taonani kusiyana kwake. Wina waimba nyimbo za ku Russia, mtsogoleri wa dziko akumukumbatira. Wina wakopa nyimbo za ku America, akukagona pansi kundende. Mumzinda umodzi holo ikuomba m'manja, kuseri kwake apolisi akupisa m'zikhoti za anyamata. Komabe onsewa ankachita chinthu chimodzi: kuolotsa nyimbo pa malire omwe andale adatseka.

Khomo litatseguka pang'ono silidatsekekenso msanga. Mu 1962 Benny Goodman adazungulira Soviet Union ndi gulu lake la jazi, Khrushchev yemwe n'kukaonerera. Geni ya nthiti nayo idafa m'zaka za m'ma 1960, osati chifukwa cha apolisi ayi, koma chifukwa kudabwera makina a matepi omwe munthu ankakopera nyimbo m'nyumba mwake mosavuta. Zomwe ndende idalephera, katundu watsopano adazitha. Amene mudagulitsapo makaseti mukudziwa momwe zimawawira.

Cliburn sadawaiwale anthu omwe adamutcha Vanya. Mu December 1987, pomwe Mikhail Gorbachev adapita ku White House kukasainirana ndi Ronald Reagan pangano lochepetsa zida za nyukiliya, Cliburn adaitanidwa kudzaimba. Pomaliza adayamba Moscow Nights, nyimbo yokondedwa ku Russia, ndipo Gorbachev ndi mayi akunyumba, Raisa, adayamba kuimba nawo pamaso pa alendo onse. Cliburn adamwalira mu February 2013 ku Fort Worth, ali ndi zaka 78.

Kodi nyimbo zimathetsa nkhondo? Ayi ndithu, tisanamizane. Mu 1962, zaka 4 zokha chiombereni m'manja muja, maiko awiriwa adatsala pang'ono kuponyerana mabomba pa nkhani ya Cuba. Mu 2022 Russia italowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine, bungwe loyang'anira mipikisano ya nyimbo padziko lonse lidachotsa mpikisano wa Tchaikovsky m'kaundula wake.

Koma chaka chomwecho ku Fort Worth, pa mpikisano wa piyano wa dzina la Van Cliburn womwe udayamba mu 1962, okonza adakana kuthamangitsa oimba a ku Russia ngakhale ena ankawakakamiza kutero. Woyamba adali Yunchan Lim wa ku South Korea, mnyamata wa zaka 18. Wachiwiri adali Anna Geniushene wa ku Russia, wachitatu Dmytro Choni wa ku Ukraine. Adaima pa nsanja imodzi kulandira mendulo zawo, kwawo mizinga ikulira.